Chaka Chimene Ndinatsekera Ozonda Odwala Kunja

Kwathu kuno cha ku Chisepo munthu sadwala yekha. Ukangogona osaonekera pakhonde, matendawo si akonso, ndi a mudzi wonse. Amabwera achibale, amabwera a mpingo, amabwera ngakhale aja munakangana nawo za malire a munda, kudzaona ngati Mulungu wayamba kuweruza mlandu uja. Timati kuzonda wodwala. Ndi mwambo wabwino, sindikuunyoza ayi. Ndikungonena kuti ine unatsala pang'ono kunditengera kumanda, ndipo ukanatero mwaulemu wonse, ndi nyimbo zomwe.

Matenda anga anali khansa ya bere. Lero ndikuyenda ndi bere limodzi, koma ndikuyenda. Chotupacho ndinachimva ndikusamba, nthawi yothyola fodya. Atandiunika kuchipatala chachikulu cha kutauni, adokotala anati chakula, sangachidule pompo. Ndiyambe ndalandira mankhwala a m'dilipi maulendo angapo kuti chifote, kenako opaleshoni. Anatsindika kuti maulendowo azitsatana bwino, chifukwa ukamadumphitsa, chotupa sichikhala pansi n'kumakudikira.

Tsiku loyamba la dilipi, nesi wina wamfupi, wamawu akuthwa, anatiimika odwala tonse ngati ana a sukulu. Anati mankhwalawa sasankha: amapha khansa, amaphanso asilikali a m'thupi, aja amatiteteza ku matenda. Ndiye ulendo uliwonse azidzayamba atiyeza magazi. Asilikali akapezeka ochepa, dilipi palibe, ubwerere kwanu. Kenako anatipatsa malamulo ake. Tipewe gulu la anthu. Tisamagwirane chanza ndi aliyense. Wachimfine asatiyandikire. Thupi likatentha, tisadikire kuti kuche bwino, tithamangire kuchipatala.

Ine ndinaseka. Ndinati, "Anesi, kodi kwanu n'kuti?"

Anati anabadwira m'tauni momwemo.

"Ndinadziwa," ndinatero.

Pampando woyandikana ndi wanga panali mayi wina wa ku Ntchisi, mlimi wa mtedza, Mkatolika, wodwala khansa ya m'magazi. Anali woonda, koma pakamwa pake panali pamoyo kuposa tonsefe. Anandikodola n'kunena kuti, "Asiyeni anzanga, sakudziwa. Kwathu a mphakati wa kutchalitchi agawana kale masiku obwera kudzandizonda. Ine asilikali anga anathawa nkhondo kalekale, atsala ophika okha." Tinaseka mpaka nesi anatiyang'ana moipa. Tsiku lonselo tinakhala moyandikana, iye akundipatsa mtedza wokazinga umene sindinkatha n'kuumeza komwe, ine ndikumuuza miseche ya kwathu ku Dowa. Tinapatsana manambala a foni.

Gadiyani wanga, wondiperekeza ndi kundisamalira, anali bambo a kunyumba. Iwowa ndi mkulu wa mpingo, ndipo pa akulu onse a pa tchalitchi pathu, wotsogolera maulendo ozonda odwala ndi iwo. Munthu wofatsa, sanakanepo munthu chilichonse chibadwire. Malamulo a nesi aja anawamva onse, akugwedeza mutu monga amachitira abusa akamalalikira. Kugwedeza mutu kumeneko kunatsalira mu minibasi. Komanso mudziwe kuti ine ndinatengedwa chitengwa, ndikukhala pakati pa abale awo, ndipo wolamulira mbumba yonseyo ndi achemwali awo aakulu, alamu anga.

Lamlungu lotsatira, mapemphero atangotha, ndinamva mapazi. Alamu patsogolo, amayi a mpingo pambuyo ndi maduku awo oyera, azibambo ndi majekete, ana kumsana, ana m'manja. Onse analowa kuchipinda kumene ndinagona. Inali nyengo yozizira, mphepo ya kumapiri kuno itayamba kulusa, ndipo theka la mudzi linali ndi chimfine. Alamu anatseka zenera kuti mphepo ingamulowe wodwala. Kenako moni unayamba. Aliyense kugwada, dzanja lamanzere kugwira mkono wamanja, n'kunditambasulira chikhatho. "Pepani matenda, mayi." Ukane bwanji dzanja la munthu wogwada? Ndinawagwira onse, ofunda ndi ozizira, ouma ndi onyowa.

Atakhazikika anayamba kundilimbikitsa. Koma abale, anthu amadziwa kulimbikitsa! Aliyense anali ndi wake amene anadwala matenda ngati angawa. Wina azakhali ake a ku Dzoole, wina mkazi wa mphunzitsi wa ku Chezi, ndipo onsewo, mwa chisomo, anamwalira. Wina anandibweretsera masamba owiritsa, wina madzi opemphereredwa m'botolo la zakumwa. Nyimbo zimene anasankha zinali zija timayimba bokosi likamatuluka m'nyumba, mwina pofuna kuti ndizizolowereretu. Bambo wina wachikulire anandisanjika dzanja pamutu, tsitsi litayamba kale kuthothoka, n'kupemphera pemphero lalitali, akupumira pa kutsokomola. Alamu nawo ankamina pansonga ya chitenje, ndipo ataona thukuta pamphumi panga anandipukuta mwachikondi ndi nsonga yomweyo.

Atapita ndinati, "Bambo, kodi zija ananena anesi munazimva?"

"Ndinamva, mayi. Koma anthu abwera ndi chikondi. Ndiwauze chiyani?"

"Auzeni chikondi chawocho azichisiya pakhonde, ndizikachitenga ndekha."

Anaseka, kuyesa nthabwala. Gulu lina linabwera mkati mwa sabata, lina Loweruka. Ndinayesa kuvala chophimba kukamwa chimene anatipatsa kuchipatala, alamu anachikokera pansi ndi chala. Anati, "Za kolona zinatha kalekale, mlamu. Anthu akufuna aone nkhope yanu."

Anaiona nkhopeyo. Posakhalitsa pakhosi panayamba kukanda, chifuwa chinagwira, thupi linatentha ngati mbaula. Bambo ananditengera pa njinga yamoto kuchipatala chapafupi, kumene anandigoneka n'kumandibaya majakisoni. Musaganize kuti ozonda anataya mtima. Ananditsatira komweko, nthawi yoona odwala ikakwana n'kuzungulira bedi. Anthu okhulupirika zedi. Ndinatuluka ndikuyenda mogwira makoma, tsiku langa la dilipi litayandikira.

Tinapita kutauni. Ananditenga magazi, tinakhala pabenchi kudikira. Nesi wamfupi uja atandiitana sanazungulire. "Lero ayi, mayi. Asilikali achepa kwambiri. Tikakupatsani mankhwalawa chonchi, tikupweteketsani." Ndinachonderera. Ndinati ndachokera kutali, ndinati ndikumva bwino, ndinanama kuti ndadya nsima yambiri m'mawa. Anapukusa mutu n'kundipatsa tsiku lina. Anawonjezera kuti chikachitikanso chomwechi, adokotala ayamba kuganiza zina, chifukwa chotupa chikapeza mpata chimayenda, ndipo chikafika kwina opaleshoni sithandizanso. Ndinalowetsa dzanja m'bulauzi pomwepo, anthu akuona. Chotupa chija chinali chitayamba kufewa, ndipo ndinachita mantha enieni kuti ndichimva chikuumanso.

Ndinayang'ana pa mabenchi onse kufuna mnzanga wa ku Ntchisi kuti ndimudandaulire, iye akanapezapo choseketsa. Panalibe. Ndinaimba nambala yake, anayankha mwana wake wamkazi amene ankamuperekeza. Foni yanga ndi yaphokoso, bambo ankamva zonse. Mwanayo anati amayi ake anatisiya. Thupi linatentha mwadzidzidzi, m'nyumba muli modzaza anthu odzawaona, ndipo pofika kuchipatala n'kuti zitavuta kale. Ine si dokotala, sindinganene chimene chinamutenga mnzangayo, khansa yake inali yolusa ndi kale. Koma mwana uja, pofuna kunditonthoza, anati, "Komatu anthu anabwera, amayi. Pa matenda ponse sanatisiye tokha. Ndipo maliro anali aakulu zedi, magalimoto mpaka kumsewu."

Ndinati zikomo, mwanawe, Mulungu akulimbitse. Ndinalira pabenchipo mosabisa, kulirira iye, kudzilirira ndekha, ndiponso ndi ukali. Maliro aakulu! Mayi uja ankafuna kukakumba mtedza wake, sankafuna magalimoto. Ulendo wonse wobwerera bambo ankangoyang'ana minda pazenera la minibasi.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinamva, koma ndinachitseka, n'kuikanso mpiringidzo. Mawa lake cha kum'mawa alamu anafika ndi gulu la amayi, atamva kuti kuchipatala andibweza. Kwa iwo kubwezedwa kuchipatala kumatanthauza chinthu chimodzi, ndiye anabwera ndi nkhope zokonzeka kale. Anagogoda. Ndinayankhira pazenera, nditaima patali.

"Alamu, pepani, kuyambira lero sindilandira anthu m'nyumba. Achipatala aletsa."

"Mwati chiyani?"

Ndinabwereza, ndinafotokozanso za asilikali aja. Alamu anayang'ana anzawo, anandiyang'ana ine.

"Asa! Asilikali ake ati? Mlamu, matenda asakuchotseni nzeru. Maliro n'kulirana. Mukawakana anthu lero, tsiku lanu likadzafika adzakunyamulani ndani?"

"Nkhani yake ndi yomweyo, alamu. Chaka chino sindikufuna kunyamulidwa."

Amayi ena anagwira pakamwa. Alamu anatembenukira kwa mlongo wawo, amene anaima pabwalo ndi khasu m'manja ngati mlendo pakhomo pake pomwe. "Achimwene, mukumva zimenezi? Inu mkulu wa mpingo, wolowa m'nyumba za odwala onse m'dera lino, kwanu kokha ndiye kukhale kotseka? Kapena anakudyetsani? Tsekulani chitsekocho."

Ndinadziwa kuti zatha. Mwamuna ameneyu ndakhala naye kuyambira ndili mtsikana, sindinamuonepo akutsutsa achemwali ake ngakhale pa nkhani ya mchere wa m'ndiwo. Anatsamiritsa khasu pakhoma, anazungulira kuseri, ndinamva akulowera khomo lakumbuyo. Ndinangokhala pabedi kudikira kuti mpiringidzo uchoke. Koma anatenga jekete lawo la kutchalitchi, anatenga mpando, anatulukiranso komwe analowera. Anaika mpandowo pakhonde, kutsogolo kwenikweni kwa chitseko, n'kukhalapo.

"Achemwali," anatero, "wodwala ali m'katimo ndipo akumva zonse. Koma manja ake ndi awa. Aliyense wofuna kupereka moni kwa mayi apereke kwa ine."

Alamu anachoka osatsazika. Koma enawo, popeza anali atabwera kale ndipo mwambo sungabwerere panjira, anafola. Mmodzimmodzi kugwada pamaso pa mwamuna wamphumphu, wonenepa bwino, n'kumati, "Pepani matenda." Iwo n'kumayankha, "Zikomo, tikuyesera."

Zinakhala choncho. Gulu likabwera, bambo jekete, mpando, pakhonde. Manja onse a ku Chisepo anagwira ndi iwo. Nkhani za azakhali a ku Dzoole anamvera ndi iwo, mwina kanayi kanayi. Masamba owiritsa analandira, madzi a m'botolo analandira, pa nyimbo za bokosi zija ankaikamo besi. Anthu akapita ankasamba m'manja ndi sopo kuseri, kusintha malaya, n'kubwera kudzandiuza amene anabwera. Ine ndinkamvera pazenera, ndipo ndinene zoona, patalipo nyimbo zina zinkandikhudza mtima. Anthuwa sankandida ayi. Ena ankasiya nkhuni, ena ufa, ena anakatithandiza kukolola chimanga osapemphedwa.

Koma pakamwa pa mudzi sipatsekedwa ndi mpiringidzo. Zinamveka kuti ndayamba kunyada chifukwa ndikudwala matenda a kutauni. Zinamveka kuti si khansa, ndi matenda ena amene tikuchita nawo manyazi. Yokoma kwambiri inali yoti ndinamwalira kale, bambo akungobisa mtembo mpaka fodya agulitsidwe. Imeneyi inandisangalatsa moti tsiku lina ndinatulutsa dzanja pazenera n'kuwabayibitsa ana opita kusukulu, ana n'kuliyatsa liwiro.

Mphamvu zinayamba kubwerera pang'onopang'ono. Ndinayamba kudya, kusesa m'nyumba, kudziphikira phala. Tsiku langa la dilipi linkayandikira, ndipo m'mawa uliwonse ndinkagwira chotupa chija ngati mayi woyesa ngati mbatata yapsa. Kenako tsiku lina kutacha ndinamva kuyetsemula kuseri kwa nyumba. Kachiwiri. Kenako chifuwa. Munthu sungagwire manja a mudzi wonse m'nyengo yozizira n'kutuluka wopanda mphatso.

Ndinasuzumira pazenera. Bambo anali atanyamula mphasa ndi bulangete, akulowera ku chigafa chathu cha fodya. Amene simukuchidziwa chigafa, ndi mitengo yozika ndi denga la udzu basi, makoma palibe, chifukwa ntchito yake n'kulowetsa mphepo kuti fodya aume. Ndipo mphepo ya kuno m'mwezi wa Julaye siisewera.

"Bambo, mukupita kuti?"

"Ndagwidwa chimfine, mayi. Ndikhala kuno mpaka mukalandire mankhwala."

"Mufa ndi kuzizira inu! Gonani pabalaza, ine ndizitseka kuchipinda."

"Anesi anati wachimfine asayandikire," anatero. Ha! Ndiye kuti anamva ndithu tsiku lija.

Ndinkawaikira chakudya pachitsa cha pakati pa bwalo, iwo n'kudzatenga ine nditalowa. Anatchinga mbali imodzi ya chigafa ndi mapesi, koma m'mawa uliwonse ndinkawaona atakhala padzuwa, atadzikulunga bulangete, akutsokomola ngati thalakitala yakale. Mtima unkandiwawa. Mudzi nawo unapeza nkhani yatsopano, yoti mkazi wouma mtima uja wathamangitsa mkulu wa mpingo m'nyumba, akugona ndi mbuzi.

Ndiye tamverani chimene chinachitika. Ozonda aja anazindikira kuti pakhomo pathu tsopano pali wodwala weniweni, wooneka ndi maso, ndiponso wogona malo opanda chitseko. Anasefukira ku chigafa! Alamu anabwerera ndi mphamvu zonse, patsogolo monga kale. Anamuzungulira mlongo wawo, anamufunditsa zitenje, anamuuza za anthu onse amene anayamba ndi kachimfine n'kutsirizira kumanda. Bambo wachikulire uja anasanjika dzanja. Alamu popemphera anakweza mawu kuti afike pazenera langa, kupempha Ambuye kuti afewetse mitima ya akazi ena amene sanawatchule dzina. Ndinavomera ameni mokweza, chifukwa pempherolo linali labwino ndithu. Chikondi chonse chimene anandikonzera ine anachikhuthulira pa bambo, ndipo iwo anachilandira chonse, akumina.

Tsiku la dilipi linafika chifuwa chawo chisanathe. Kunali kosatheka kuti tikhale mpando umodzi mu minibasi. Anandiperekeza kumsewu akuyenda kumbuyo, patali, atanyamula chikwama changa, ngati anthu okwiyirana. Titafika anachiika pansi n'kubwerera m'mbuyo kuti ndichitenge. Maso anali ofiira, milomo yosweka ndi mphepo.

"Mukakhale pazenera," anatero. "Chophimbacho musachotse. Mukandiimbire."

Aka kanali koyamba kupita ndekha. Ananditenga magazi, ndinakhala pabenchi pomwe tinakhalapo ndi mnzanga wa ku Ntchisi. Panali mayi wina wachilendo ndi mwamuna wake, oyamba kumene, akumvetsera malamulo a nesi n'kumagwedeza mitu. Ndinafuna kuwauza kanthu, koma maganizo anga anali pa magazi aja. Ndinkangoganiza kuti akandibwezanso, ndiye kuti munthu uja wagonera m'chigafa pachabe, ndipo alamu apeza nyimbo yoyimba mpaka kalekale.

Nesi wamfupi uja anatuluka, anandiitana. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwawachita chiyani asilikali anu, mayi? Abwerera. Kakhaleni pampando."

Ndinangopita kukakhala, akanamva chiyani wobadwira m'tauni? Anandibaya, anapachika dilipi. Mankhwala ofiira aja, amene amandisanzitsa, amene anandimeta mpala, ndinawaona akutsika m'kachubu ndipo ndinawakonda ngati mwana wanga. Ndi dzanja linalo ndinaimba foni.

Anayankha msanga. Kumbuyo kwawo ndinamva nyimbo, ozonda anali atafika kale ku chigafa, mawu a alamu ali pamwamba pa onse.

"Bambo, magazi ali bwino. Andiika dilipi. Ikulowa panopa."

Sanayankhe. Ndinayesa netiweki yathawa, monga ichitira kwathu.

"Bambo, mukundimva?"

"Ndikumva, mayi," anatero. Kenako ndinamva akumina, nthawi yaitali, mpweya ukudukaduka. Nyimbo ija inayamba kuzima, wina anafunsa ngati kwabwera uthenga woipa. Iwo anati, "Ayi, pitirizani. N'chimfinechi."

Ndakhala nawo zaka zonsezi, chimfine chawo ndimachidziwa kulira kwake. Chimenecho sichinali chimfine. Ndinawauza kuti madzulo alowe m'nyumba akagone pabedi, ine ndikagona kwa mwana wathu wokhala kutauni konkuno mpaka chifuwa chawo chithe.

"Chabwino," anatero. "Koma ndiyambe ndatsazikana nawo anthuwa. Abwera kudzazonda."